Chikho cha Ana a Sukulu ndi Buku la Ubatizo

Akristu anzathu okondedwa a kwa Ndamera ndi a m'midzi yonse ya m'chigwa cha Shire, mwezi uno tifuna kukamba nanu za mpira wa miyendo umene ana athu asewera m'masukulu. Kapena ena mwa inu adzati: Kodi nyuzi ya Mishoni yasowa nkhani, kuti iyambe kulemba za masewera a ana? Taonani, abale, mpirawu wafika kale pa khomo la tchalitchi, ndipo sunadze ndi chimwemwe chokha ayi. Wadza ndi pempho lina limene ife akatekisiti tayamba kulimva kawirikawiri, ndilo lakuti tithandize kuchepetsa zaka za mwana pa chikalata chake cha ubatizo. Chifukwa chake tiyamba ndi kufotokoza m'mene mipikisano iyi iyendera, kuti makolo amene sanapondepo pa bwalo adziwe chimene chiri kukoka ana ndi aphunzitsi awo mwamphamvu chotere.

Mpikisano wa masukulu ukwera ngati makwerero. Poyamba masukulu oyandikana, amene ali m'zoni imodzi, asewera okhaokha. Wopambana m'zoni apita kukakumana ndi anzake a m'boma lonse la Nsanje. Wopambana m'boma akwera kukasewera m'chigawo cha maphunziro, ndipo zigawozi ziripo 6 m'Malawi muno, chathu ndicho chimene chiphatikiza Nsanje ndi Chikwawa, Blantyre, Mwanza ndi Neno. Pamwamba pake pali masewera a dziko lonse. Bungwe limene liyang'anira masewera a m'masukulu litchedwa Malawi Schools Sports Association, ndipo pa za mpira wa miyendo ligwirizana ndi bungwe lalikulu la mpira, Football Association of Malawi.

Pamene matimu ambiri asewera mozungulirana, alembedwa pa ndandanda monga mwa mapointi awo. Timu yopambana ilandira mapointi 3; akalepherana mphamvu, aliyense atenga 1; wogonja abwerera chimanjamanja. Tsono matimu awiri akafanana mapointi, kawirikawiri awerenga zigoli: atenga zimene timu inagoletsa, nachotsapo zimene inagoletsedwa, ndipo wotsala ndi zambiri akhala pamwamba. Ichi muchisunge bwino, pakuti ndicho chifukwa chake timu imene yagoletsa kale zigoli 4 siileka kuthamangitsa tiana totopa kufikira woyimbira mpira ataomba wezulo womaliza. Ndiponso ndicho chifukwa chake mnyamata mmodzi wamkulu thupi, woikidwa pakati pa ana ang'ono, akhoza kutembenuza ndandanda yonse ya zoni m'Maloweruka atatu okha.

Kale mphotho ya masewera otere inali chikho, mpira watsopano, kapena yunifolomu, ndi ulemu wa mudzi. Koma zinthu zinakula m'chaka cha 2022, pamene bungwe loyendetsa mpira mu Africa yense, CAF, linayambitsa mpikisano wa masukulu wa anyamata ndi asungwana osapitirira zaka 15. Pulezidenti wa bungwelo, a Patrice Motsepe a ku South Africa, anaperekapo madola 10 miliyoni kuchokera ku thumba la chifundo la banja lawo. M'mwezi wa Okotobala chaka chomwecho masukulu a m'maiko a kumwera kwa Africa anasonkhana ku Lilongwe, ndipo kumbali ya anyamata dziko lathu linaimiridwa ndi sukulu ya sekondale ya Salima. Anyamata aja anafika mpaka masewera omaliza, nagonja kwa sukulu ya Clapham ya ku South Africa; koma malo achiwiriwo anawatsegulira njira ya ku Durban, kumene masukulu opambana a Africa yense anakumana mu Epulo 2023. Kumeneko chikho cha anyamata chinapita ku Guinea, ku sukulu ya Ben Sekou Sylla, imene inagonjetsa Clapham pa mapenate. Cha asungwana chinatengedwa ndi sukulu ya Fountain Gate ya ku Tanzania. Ndipo ana a ku Salima anabwera nawo malo achitatu. Mphotho zake zinali madola 300,000 kwa woyamba, 200,000 kwa wachiwiri, ndi 150,000 kwa wachitatu, ndipo ndalamazo anaziika kuti zitukule sukulu, zisalowe m'thumba la wosewera kapena la mphunzitsi.

Ife a kuno tinamva mbiri imeneyi pa wailesi mitima iri pawiri. Tinakondwa, pakuti anawo ndi athu ndithu. Koma munali m'masabata omwewo pamene namondwe Freddy, amene anagwa mu Malichi 2023, anali atangosesa nyumba ndi minda m'chigwa muno, masukulu a kumwera atatsekedwa, ndipo m'zipinda zambiri zophunzirira munali kugona mabanja othawa madzi. Pa mabwalo ena a mpira panali mahema ndi mafuwa. Mwana wa kwa Ndamera amene anamva kuti anzake a msinkhu wake akwera ndege chifukwa cha mpira anali atakhala pa mkeka wobwereka, makope ake atapita ndi Shire. Musadabwe tsono ngati mwanayo, ndi mphunzitsi wake, ndi atate ake omwe, anayamba kuyang'ana mpira ndi maso ena. Sukulu imene denga lake linasasuka ikamva za madola 150,000, chiyeso chake sichichepa.

Apa ndipo pagona nkhani. Boma linena kuti mwana ayambe Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Akayamba chotero, osabwereza kalasi, atsiriza Sitandade 8 ali ndi zaka 13 kapena 14, ndipo pofika zaka 15 ali ku sekondale. Ndiye kuti mnyamata wa sekondale wololedwa mu mpikisano wa osapitirira zaka 15 ndi uja amene makolo ake anamtumiza ku sukulu pa nthawi yake, namsunga komweko. Nanga kwathu kuno ziyenda bwanji? Ngakhale sukulu ya pulaimale inakhala yaulere kuyambira 1994, ana ambiri ayamba mochedwa. Wina amuti akali wamng'ono, sangathe kuyenda mtunda pa dzuwa la kuno. Wina ayamba waweta mbuzi. Wina apirikitsa mbalame m'munda wa mapira ndi mchewere. Wina pa nyengo ya njala atsata amake ku dambo kokafuna nyika. Pamwamba pa izo padza madzi: mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana, ndi mu 2023 muja. Chigumula chirichonse chidya masabata a maphunziro, ndipo ana ambiri abwereza kalasi. Kotero mnyamata wa zaka 17, wa ndevu zoyamba kumera, mudzampeza mu Sitandade 7, ndipo sali wakuba kapena waganyu ayi: ali mwana wa sukulu weniweni, dzina lake liri m'kaundula, ndipo m'mawa mulimonse asesa nawo pabwalo. Koma pa mpikisano umene unaika malire a zaka, iye ali kunja.

Tiyenera kusiyanitsa anyamata otere ndi aganyu, ndiwo akuluakulu amene analeka sukulu kalekale, ena okwatira ndithu, amene avekedwa yunifolomu tsiku la masewera napatsidwa dzina la mwana wina. Za iwowo sitichulukitsa mawu, pakuti aliyense adziwa kuti kumeneko ndi kuba. Mlandu umene uvuta mtima ndi wa mwana wa sukulu weniweni uja, ndipo ndi umene unatigwera ife.

Tsiku lina madzulo, titatsiriza kuphunzitsa katekisimu, anafika pakhomo pathu mphunzitsi wa masewera wa sukulu ina, ali pamodzi ndi bambo wina amene timdziwa bwino, Mkristu wosajomba ku Misa. Titalonjerana, bamboyo anatulutsa chikalata cha ubatizo cha mwana wake, chokulungidwa mu pepala la pulasitiki. Chinali chitanyowapo ndi madzi, ndipo manambala ena anali atafufutika. Anati: “Aphunzitsi, chikalatachi chaonongeka. Mukatipemphere china kwa Bambo Mfumu. Koma polemba chaka chobadwa, mukawauze kuti mwanayu ali ndi zaka 14.” Ife tinamdziwa mnyamatayo, pakuti tinamphunzitsa tokha za Ukaristia woyamba, ndipo tinadziwa kuti ali ndi zaka 17. Mphunzitsi uja anaonjeza nati: “Akatekisiti, masukulu onse achita zomwezi. Ife tokha tikanena zoona, ndiye kuti tapereka ana athu kuti akaphedwe pa bwalo. Mwanayu ndiye agoletsa zigoli zathu zonse, ndipo pakhomo pawo palibe china chimene angadalire.”

Tisakunamizeni, abale, mawu aja anatilasa. Munthuyo sanali kufuna ndalama. Anali kufunira zabwino mwana wa mmphawi, ndipo pakunena kuti ena achita zomwezo sanali kupeka. Tinakhala chete nthawi ndithu. Pambuyo pake tinawafotokozera kuti chikalata chiri chithunzi chabe cha zimene zinalembedwa m'buku lalikulu la ubatizo limene lisungidwa ku parishi, momwe muli dzina la mwana, la makolo, la amene anamuimira, tsiku lobadwa ndi tsiku lobatizidwa. Ndipo wansembe polemba chikalata chatsopano akopera za m'bukumo, natsimikiza ndi dzina lake ndi chidindo cha parishi. Tinati tidzawapemphera chikalata china ndi mtima wonse, koma chidzanena chimene buku linena. Anachoka osatsazika bwino.

Zotsatira zake sizinali zokoma, ndipo sitidzazikometsera. Mnyamatayo sanasewere, timu yawo inatuluka m'ndime yoyamba, ndipo m'mudzimo munamveka kuti akatekisiti ndiwo agulitsa sukulu. Amayi ena anatitembenukira msana pa mjigo. Chimene chinatiwawa koposa ndi chakuti mnyamata uja analeka kubwera ku tchalitchi miyezi ingapo, ndipo pokumana naye pa njira anali kuyang'ana kumbali. Mpaka lero tidzifunsa ngati sitikadatha kulankhula naye iye mwini usiku womwewo, m'malo molankhula ndi akuluakulu okha, pamenepo tinaperewera.

Koma pa za bukulo sitinasinthe maganizo, ndipo tifuna kuti mumve chifukwa chake. M'midzi yathu, kumene ambiri anabadwira m'nyumba popanda wolemba tsiku, buku la ubatizo lakhala mboni yokhulupirika kwa mibadwo. Pa ukwati tifunsa bukulo. Mnyamata akafuna kulowa seminale, kapena msungwana ku chisisitere, afunsa bukulo. Okalamba ambiri anadziwa zaka zawo chifukwa cha bukulo pamene Boma linalemba anthu a zitupa za unzika mu 2017. Likhulupirika chifukwa palibe amene analigwiritsa mwala. Tsono tikalola kuti linene bodza kamodzi chifukwa cha mpira, ndani adzalikhulupirira mawa pa mlandu wa msungwana amene afuna kumkwatitsa asanafike zaka 18, makolo nanena kuti wakula? Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu, loletsa umboni wonama, silinapatule tsiku la masewera. Ndiponso taganizani za mwana amene aona atate ake, mphunzitsi wake ndi mkatekisiti wake, anthu atatu amene amphunzitsa chabwino ndi choipa, atagwirizana kumnamizira zaka: adzaphunzirapo chiyani chimene katekisimu angathe kufafaniza?

Palinso wina amene aiwalika pa nkhani zotere, ndiye kamwana ka zaka 13 kamene kakhala pa benchi. Kanayamba sukulu pa nthawi yake, kaphunzira kusewera ndi mpira wachikulunga pa mchenga wotentha, ndipo malo amene wamkuluyo atenga ndi ake. Ndiponso kamwana ka timu inayo, kamene kagundana ndi munthu woposa iko zaka zinayi. Mwendo ukathyoka, chipatala chiri kutali, ndipo amene adzakanyamula pa njinga ndi amake, osati amene anasintha chikalata.

Ndipo tikuuzeni ichinso, inu amene muyesa kuti bodza lotere lifikitsa mwana patali. Kumtunda kwa makwerero aja kuli mayeso amene safunsa chikalata. Kuyambira chaka cha 2009 bungwe la mpira la dziko lonse lapansi, FIFA, liyesa anyamata a mpikisano wa osapitirira zaka 17 ndi makina a kuchipatala otchedwa MRI, amene aona m'kati mwa thupi. Ajambula mfundo ya dzanja, pakuti pa nsonga ya fupa la mkono pali malo anthete pamene fupalo likulira. Mwana akali kukula malowo aoneka ngati mpata, ndipo akakhwima mpatawo utsekeka. Ukapezeka wotsekeka kotheratu, amchotsa mnyamatayo. Makinawo satchula tsiku lobadwa, ndipo madokotala ena anena kuti akhoza kulakwira mwana amene anakhwima msanga. Komabe ndiwo agamula. Mu Novembala 2020, pa mpikisano wa maiko a kumwera kwa Africa wa osapitirira zaka 17 umene unachitikira ku South Africa, matimu a maiko anayi, Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe, anabwezedwa kwawo chifukwa ena mwa osewera awo analephera mayeso amenewa. Timu ya Malawi inali mwa zinayi zimene zinatsala. Ku Cameroon, anyamata 21 mwa 30 amene anaitanidwa ku timu ya dziko anachotsedwa pa chifukwa chomwecho. Onani tsono: chimene mphunzitsi abisa pa zoni, fupa la mwana lidzachiulula pamaso pa maiko, ndipo manyazi adzagwera mwanayo, pamodzi ndi anzake osalakwa amene abwezedwa naye.

Tinene pang'ono za asungwana, pakuti mpikisano wa CAF uwapatsa mphotho yofanana ndi ya anyamata, ndipo makolo ena akali kuyesa kuti mwana wamkazi wothamangira mpira wataya ulemu. Ana awiri a mimba imodzi a ku Rumphi, Tabitha ndi Temwa Chawinga, achititsa dzina la Malawi kumveka kutali: Tabitha anaposa onse pa kugoletsa mu ligi ya ku Italy ndi ya ku France, ndipo Temwa anachita chimodzimodzi ku America mu 2024, atathandiza timu ya amayi ya dziko lathu kutenga chikho cha COSAFA mu 2023. Ife taona kuti msungwana amene ali ndi timu yomuyembekeza Loweruka safulumira kusiya sukulu. Chokhacho tipempha ndi chakuti pa ulendo uliwonse wa kutali pakhale mphunzitsi wamkazi kapena mayi wodalirika wa mu mpingo wowaperekeza, ndipo abwere dzuwa lisanalowe.

Nanga anyamata aakulu aja, amene zaka zinawapitirira popanda kulakwa kwawo, tiwataye? Iyayi. Eklezia sanaipidwe nawo masewera a achinyamata. Yohane Bosco Woyera anasonkhanitsa ana osowa a mu mzinda wa Turin ndi masewera, nawaphunzitsa ntchito ndi mapemphero. Ku Buenos Aires, m'dziko la Argentina, wansembe wina wa chipani chake, Bambo Lorenzo Massa, anaona anyamata ali kusewera mpira mu msewu moika moyo pa chiswe, nawapatsa bwalo la tchalitchi, nawapempha kuti azibwera ku Misa tsiku la Mulungu. Ndipo mwa iwo munabadwa timu ya San Lorenzo mu 1908, imene Papa Fransisko anaikonda chiyambire ubwana wake. Ife tiribe chuma cha maiko amenewo, koma bwalo tiri nalo, ndi mitengo ya magolo siisowa. Tinakambirana ndi akuluampingo a m'nthambi zathu kuti achinyamata a m'miphakati azisewera okhaokha tsiku la Mulungu madzulo, mapemphero atatha ndi dzuwa litapendeka, popanda malire a zaka, ndi ndandanda yawo ya mapointi yokhomedwa pa chitseko cha tchalitchi. Tinaikapo malamulo awiri okha: pasakhale kubetcha ndalama, ndipo pasakhale zithumwa zokwirira pa golo kapena mankhwala owaza pa bwalo, pakuti chizolowezi chimenecho chalowa ngakhale m'matimu a masukulu, ndipo Mkristu sayenera kuchiyandikira. Mnyamata wathu uja anabwera kudzaonerera kawiri, ataima patali pansi pa mtengo wa msawu. Ulendo wachitatu anavula malaya nalowa. Ndi ife salankhulabe zambiri, koma anavomera kuphunzitsa tiana ta Sitandade 3 kuponya mpira pa Lachitatu.

Tsono kwa inu makolo a ana ang'ono tiri ndi mapempho awa. Mwana akakwana zaka 6, mpititseni ku sukulu chaka chomwecho, ngakhale mbuzi zisowe woweta. Ndipo madzi akaphwa, masukulu natsegulidwa, abwerere sabata yoyamba, asayembekeze chaka chinzake. Kuyambira 2015 lamulo la Boma likakamiza kuti mwana aliyense wobadwa alembedwe m'kaundula wa dziko. Amene anabadwira ku chipatala funsani komweko, ndipo amene anabadwira kumudzi yambani kwa a nyakwawa kuti akulozereni ku ofesi ya kalembera ku boma la Nsanje. Pobweretsa khanda ku ubatizo, bwerani nalo buku lake la ku sikelo, kuti tsiku limene tilemba ife lifanane ndi limene analemba a chipatala.

Ndipo inu nonse amene zikalata zanu za ubatizo zinanyowa kapena kupita ndi madzi, perekani maina anu kwa mkatekisiti wa nthambi yanu mwezi uno, pamodzi ndi maina a makolo ndi tchalitchi kumene munabatizidwira, kuti tikawafufuze m'buku ku parishi. Bambo Mfumu akadzabwera kudzachita Misa ku nthambi kwanu adzabwera nazo zatsopano. Muzisunge m'botolo louma lotseka bwino, ndi kulipachika ku denga, pamodzi ndi mbewu.